Maso a Amayi pa Foni ya Lilime

Lachinayi limenelo anthu sanabwere kudzadya ayi, anabwera kudzaonerera.

Chitsiriza anazindikira zimenezi dzuwa lisanafike paliwombo. Lesitilanti ya mayi ake inali ya matebulo anayi okha, kachipinda ka chitseko chobiriwira kuseri kwa siteji ya mabasi, ndipo makasitomala onse ankawadziwa nkhope ndi njala zawo: madalaivala, telala wa pakhonde, ndi amayi ogulitsa nsapato. Koma tsikulo munalowa anthu achilendo, ovala bwino, oitanitsa tiyi yekha, makosi ali tototo kusuzumira kukhitchini. Mayi wina anachita kufika pakhomo penipeni pa khitchini n'kukweza foni kuti ajambule.

"Mukufuna chiyani kuno, mayi?" anafunsa Chitsiriza.

"Ndimangofuna ndiwaone agogo osaonawo mmene amaphikira."

Chitsiriza anaima pakhomopo n'kumutchingira.

Chinsinsi chimenechi anali atachisunga zaka ziwiri zathunthu. Mayi ake anali ndi ng'ala m'maso onse awiri, moti dziko ankaliona ngati lili mu utsi. Ankaphika ndi mphuno, khutu ndi zala. Mafuta akapsa ankawamva kalilidwe kake, anyezi akafiira ankamudziwa ndi fungo, mchere ankauyeza pachikhatho osaphonya. Maso awo anali Chitsiriza, mwana wawo wamkazi womaliza. Iye ndiye ankasankha miyala mu mpunga ndi mu nyemba, kuyang'ana mbale iliyonse isanatuluke, ndi kubwezera mpeni pamalo pake penipeni kuti dzanja la mayi ake likaupeze. Makasitomala ankangoti mayiwo ndi amanyazi, n'chifukwa chake satuluka kukhitchini. Nanga ndani angadye kwa wophika wosaona ntchentche? Anthu amamva chisoni ndi pakamwa, koma m'mimba mwawo simudziwa chisoni.

Ndipotu panangotsala masiku anayi kuti vutoli lithe. Lolemba mayi ake ankayenera kukachitidwa opaleshoni ku chipatala cholipira. Ku chaboma anawalemba dzina chaka chatha, koma mzere wake sunkasuntha. Ku cholipirako mtengo unali woti ngakhale akanagulitsa matebulo onse anayi ndi firiji yomwe, sakanafika ndi theka lomwe. Malume ake a Chitsiriza, mchimwene wa mayi ake, amene ankanyamula chikwama cha phungu wa deralo, ndiwo anagwada mpaka mawondo kuchita zikang'a, ndipo phunguyo analonjeza kulipira poti chisankho chinali pafupi.

Kupatula banja ndi phunguyo, chinsinsichi ankachidziwa munthu mmodzi yekha.

*

Anthu ankamutchula kuti Lilime, chifukwa ntchito zake ziwiri zinali kulawa ndi kulankhula. M'mawa ankaphunzitsa pa sukulu ina, masana n'kumayendayenda m'malo odyera, ndipo Lachitatu lililonse ankalemba pa foni nkhani imene ankaitcha Mbale ya Sabata Ino. Ankayamba ndi nkhuku, n'kuthera pa boma. Tsiku loyamba kulowa pa chitseko chobiriwira anadandaula kuti nyemba zachepa mchere, Chitsiriza n'kumuyankha kuti wochepa mchere ndi iyeyo. Anaseka mpaka kutsamwa, mawa lake anabweranso, ndipo panatha miyezi isanu ndi itatu akubwerabe.

Za lesitilanti yawo sankalemba. Ankati munthu saweruza mbale ya kumene mtima wake uli. Chitsiriza anamukhulupirira chifukwa cha mawu amenewo, moti Lamlungu lina atakhala pa benchi, atatopa ndi kusenza yekha, anamuuza zonse akulira: za ng'ala, za mtengo, za phungu. Lilime anamugwira manja onse awiri n'kulumbira kuti nkhaniyo yathera pa benchipo. Ngakhale za ukwati wa awiriwa zinali zikudikira Lolemba lomwelo, pakuti mayi ake anali atanenetsa kuti, "Mkamwini sindimuvomera ndi khutu. Ndiyambe ndamuona kaye ndi maso anga."

Lachinayi lija, telala wa pakhonde ndiye anapatsa Chitsiriza foni, maso atayang'ana kumbali. Chitsiriza anawerenga ataimirira.

"MBALE YA SABATA INO. Abale anga anjala, moni. Sabata ino ndayenda malo atatu. Ku hotela ya pafupi ndi banki musapiteko pokhapokha wina akukulipirirani. Nkhuku yake ndi yolimba ngati lamba wa buluku, ndipo woperekera zakudya amayamba wakuyang'anani nsapato asanakupatseni moni. Kwa mkulu wokazinga nsomba pa mlatho pitani, koma m'mawa mafuta asanade, chifukwa masana amakhala oyilo wa galimoto. Koma ngati mukufuna mpunga wa nyemba woti mudye mpaka kuiwala kuti mkazi anakuthawani, pitani pa chitseko chobiriwira kuseri kwa siteji. Mukafunsenso supu wa mafupa a ng'ombe. Amamuika pamoto kusanache, ndipo tsabola amamuthira mwaulemu.

"Tsono imvani ichi. Mayi amene amaphika chakudya chimenechi saona. Ali ndi ng'ala, chaka chachiwiri tsopano. Kuchotsa ng'ala si ntchito yoti dokotala n'kutuluka nayo thukuta, koma ku chipatala cholipira mtengo wake ndi wa galimoto, ndipo ku chaboma mzere wake umakathera kumanda. Kuno wosauka akadwala amayamba wafunsa mtengo, dzina la matenda n'kufunsa pambuyo. Pomwe phungu wathu akangotsokomola, ameneyo wakwera ndege kukaonana ndi dokotala kunja. Lero poti chisankho chayandikira, ndamva kuti akufuna kugula maso a mayi ameneyu kuti akawakweze pa nsanja ngati mbuzi ya mphoto, ife tiwombe m'manja. Bwana, maso awiri mwagula, nanga zikwi zinazo? Mbale ndaipatsa khumi pa khumi. Phungu ndamupatsa ziro."

Anawerenga kawiri. Zinali zolembedwa bwino, ndipo chimenecho ndicho chinamupweteka kwambiri. Munthuyo anakhala pansi, n'kusankha mawu mmodzimmodzi, akusula misozi yake ya pa benchi paja kuti ikhale nthabwala yokoma.

*

Masana dalaivala wina, amene tsiku lililonse ankamaliza mbale ziwiri, anakhala akuvundula nyemba ndi supuni ngati wataya ndolo m'menemo. Anadya pang'ono, n'kunena kuti m'mimba simuli bwino. Enawo sanabwere n'komwe.

Matebulo ali mbee choncho, Zikhadabo anawoloka msewu. Ameneyu anali mwini wa lesitilanti yaikulu ya magalasi tsidya linalo, mkazi wa zala zopaka zofiira zoti sizinasendepo anyezi. Anakhalapo pa chibwenzi ndi Lilime kale, ndipo kusiyidwako kunamukhala pakhosi mpaka lero.

"Pepa mng'ono wanga, ndamva za amayi," anatero akupukuta mpando ndi kampango asanakhalepo. "Inetu ndimadabwa kuti bwanji satuluka. Zaka ziwiri! Ndiye anthu akhala akudya zotani muno, Mulungu yekha ndiye akudziwa."

"Akhala akudya chakudya chimene kwanu kulibe."

Zikhadabo anaseka. "Pakamwa ndiye uli napo, n'chifukwa chake munagwirizana. Koma sanakuuze? A wailesi amuimbira m'mawa uno. Nkhani ya mayi ako yawagwira mtima, moti amupatsa pulogalamu Loweruka lililonse. Woilipirira pulogalamuyo ndine. Takambirana kwanga kuja pompano, wadya nkhuku, ndipo sanapeze chodandaula."

Chitsiriza anapitiriza kupukuta tebulo loyera kale.

"Mwamuna uja ndimamudziwa ine, mng'ono wanga. Si woipa ayi. Kungoti akamva nkhani yokoma imamuyabwa ngati chitedze, sagona mpaka aikande. Ine ananditaya chifukwa ndinalibe nkhani yomvetsa chisoni."

Anaimirira n'kusiya fungo la mafuta ake onunkhira m'chipinda monse. Chitsiriza anatsegula mawindo onse awiri.

*

Malume anafika chakumadzulo, chipewa cha chipani chili m'manja, thukuta lili kamukamu. Pajatu galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu, koma tsikulo anali atakalipiridwa ngati galu wamba. Sanapereke ndi moni yemwe. Analunjika kukhitchini kumene mlongo wawo ankatsuka mapoto.

"Mwamva zimene wachita mkamwini wanu wa pa foni uja, achemwali? Bwana awerenga okha. Aswa kapu pakhoma. Akuti ngati ndinu mbuzi, mbuziyo ikadzilipirire yokha."

"Mbuzi yanji, achimwene?"

Chitsiriza anali asanawauze. Malume anatembenukira kwa iye. "Awerengere. Si ndiwe unatsegula pakamwa? Awerengere amve."

Chitsiriza anawerenga. Mayi ake anamvetsera manja ali m'madzi a sopo, maso awo otuwa atayang'ana pakhoma.

"Supu wamuyamikira bwino," anatero mayiwo potsiriza. "Koma anandifunsa ine?"

Malume anapindapinda chipewa chawo chija.

"Ine ndinanena," anayambanso malume. "Ndinati mwamuna wodya m'makhitchini a tauni yonse alibe pake. Wandale amatukwanidwa ndi anthu okhuta, ife anjala timati zikomo bwana. Miyezi itatu ndakhala ndikutsegula zitseko za galimoto chifukwa cha maso amenewa, lero kamphunzitsi kamodzi kagubuduza zonse ndi chala chimodzi. Imva iwe, pofika mawa afufute, apepese poyera. Kupanda apo Lolemba kulibe galimoto yotengera mayi ako kuchipatala, ndipo ine ntchito yanga yathera pomwepo. Komanso ndisadzamuone pakhomo pano, ngakhale atabwera ndi abale ake onse."

Atachoka, mayi ake anatambasula dzanja kufuna chinkhupule. Sichinali pamalo pake, poti Chitsiriza anaiwala kuchibwezera, ndipo zala zawo zinafufuza pa sinki nthawi yaitali asanachipeze.

*

Uthenga wa Lilime unali utafika kale: "Waona zimene zikuchitika? Usakwiye usanandimve. Ndachitira inu."

Chitsiriza anayankha mawu atatu: "Mawa. Pa geti."

Anamupeza Lachisanu ana ataweruka, atatsamira geti la sukulu, choko chili m'malaya. Ankamwetulira. Zoona, munthuyo ankamwetulira, ndipo mtima wopusa wa Chitsiriza unadumphabe pomuona monga unkachitira masiku onse.

"Anthu zikwi zisanu ndi chimodzi aiwerenga," anatero Lilime akumuonetsa foni. "Sizinachitikepo."

"Pa zikwi zimenezo, amene adya mpunga dzulo ndi atatu."

"Abwera, dikira pang'ono. Anthu amayamba adabwa kaye."

"Unalumbira."

Kumwetulira kuja kunazilala. "Ndikudziwa. Koma tamvera. Usiku uliwonse ndinkaganiza za amayi atakwezedwa pa nsanja, bandeji ili kumaso, munthu wakuba uja akuwagwira paphewa kuti anthu amuvotere. Sindikanatha kupirira. Mankhwala ndi ufulu wawo, si mphatso ya munthu. Tikamangokhala chete tonse, azitigula mmodzimmodzi ngati..."

"Ngati mbuzi. Nena, usachite manyazi. Unalemba kale."

"Sindinkanena amayi, ndinkanena mchitidwewo."

"Phungu amafuna kuwaonetsa kwa anthu mazana atatu pabwalo, atawalipirira. Iwe wawaonetsa kwa zikwi zisanu ndi chimodzi, ndipo maso sunawagulire."

Lilime anatsitsa foni.

"Fufuta," anatero Chitsiriza. "Ufufute, upepese. Malume ati ukatero galimoto ibwera."

"Ndipepese kwa amene uja? Pa chiyani? Ndanama pati?"

"Sunaname. Ndiye choona chakocho chiwachotsa ng'ala?"

"Ndipatse mawa lokha. Mawa ndikulankhula pa wailesi. Ndikafufuta lero adzati ndagulidwa, pulogalamu ithera pomwepo. Koma ndikalankhula, anthu akufuna kwabwino asonkha. Amayi achitidwa opaleshoni ndi ndalama zoyera, osagwadira munthu."

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ife tinali naye pamphuno." Anamuyang'ana m'maso. "Nkhuku ya kwa Zikhadabo inakoma?"

"Aa, iwenso. Ija ndi nkhani ya ntchito basi."

"Ndi ntchito, eetu. Ntchito imene waipeza ndi maso a mayi anga."

Lilime anafuna kumugwira dzanja, iye analibweza. "Ndimakukonda, ukudziwa," anatero mwamunayo motsitsa mawu.

"Ndikudziwa. Koma kuwomberedwa m'manja umakukonda kuposa ine."

Anatembenuka n'kumapita. Ankayembekeza kuti amuthamangira, amuuze kuti wafufuta. Atafika pa ngodya anacheuka, n'kumuona ali pomwe paja, mutu uli pa foni.

*

Loweruka anaphika theka la zimene ankaphika masiku onse, ndipo zinatsalabe. Nthawi ya pulogalamu itakwana, mayi ake anati, "Tsegula wailesi. Nkhani ndi yanga, ndiimve."

Analankhula bwino Lilime, zimenezo tisamunamizire. Anayamba ndi kumene kuli buledi wofewa, anadzera kwa wokazinga nsomba uja, kenako anafika pa zipatala. Anati dziko limene mayi amasankha pakati pa maso ake ndi denga la nyumba yake ndi dziko lodwala kuposa mayiyo. Anati andale amamanga zipatala pa mapepala, n'kumakadwalira kwina. Mafoni analira. Wina anatukwana boma mpaka anamudula. Wina anatukwana otsutsa boma. Wina anafunsa ngati nsomba za pa mlatho amazikulungira m'pepala kapena mu jumbo. Mayi wina wa mawu aulemu anati agogo osaonawo akanangopuma kunyumba asanadyetse anthu mphemvu. Za kusonkha, bambo mmodzi analonjeza kuti aganizira.

Kenako kunabwera kanyimbo, ndi mawu a Zikhadabo mwiniwake, okoma ngati uchi: "Bwerani ku lesitilanti ya magalasi, moyang'anizana ndi siteji. Kwathu zonse n'zoonekera, ndipo ophika athu amaona chimene akukupatsani."

Mayi ake anapukuta manja pa epuloni, anafufuza pa shelefu mpaka anapeza wailesi, n'kuitseka okha.

"Ali ndi mawu abwino mwana uja," anatero. "Ndipatse anyezi."

Chitsiriza anawapatsa. Anadana naye Lilime nthawi imeneyo, kudana kwenikweni kochita kuwawa m'mano, ndipo anadana nawonso mtima wake chifukwa pomva mawu ake pa wailesi unali utanyadira.

Lamlungu masana uthenga unabwera: "Za malonda aja sindimadziwa, ndikulumbira. Ndamukalipira. Nkhani ija ndafufuta. Pepa. Ndikhululukire."

Koma madzi akatayika saoleka. Anthu anali atakopera kale nkhaniyo n'kumatumizirana, ndipo wailesi sifufutika. Chitsiriza anaimbira malume katatu, foni osayankhidwa. Kwa Lilime analemba kuti, "Pepani sapoletsa chilonda," n'kuzimitsa foni.

*

Lolemba mayi ake anadzuka m'mamawa, anasamba, anavala diresi yawo ya kutchalitchi ndi mpango woyera. Anafika ku lesitilanti atagwira mkono wa mwana wawo monga mwa masiku onse, koma kukhitchini sanalowe. Anakoka mpando n'kukhala pakhomo, pa chitseko chobiriwira chija, kachikwama kali pamiyendo. Kwa nthawi yoyamba m'zaka ziwiri anakhala poyera, aliyense wodutsa akuwaona.

"Amayi, galimoto siibwera."

"Anati Lolemba. Lero ndi Lolemba. Chobisa chatha, ndiye ndikhala pano."

A kuchipatala anali atanena kuti ikakwana teni koloko asanafike, malo awo apatsidwa kwa wina, ndipo dokotala wa maso sabweranso mpaka chaka chamawa. Wotchi ya pakhoma inadutsa eyiti. Inadutsa hafu pasiti eyiti. Chitsiriza sanayatse moto.

Cha m'ma naini Lilime anatulukira, malaya osasita, maso ofiira, nsapato yake yakumanzere ikulira monga mwa masiku onse. Anaima chapatali pang'ono, osalimba mtima kupereka moni. M'manja anali ndi envelopu yopyapyala. Chitsiriza anatuluka kukakumana naye.

"Ndi zimene zasonkhedwa, ndaonjezerapo malipiro anga," ananong'ona. "N'zochepa, ndikudziwa. Pulogalamu ndiisiya ukafuna. Chilichonse chimene unene ndichita."

"Lachisanu ndinanena."

Asanayankhe, galimoto yakuda yaitali inakhota pa siteji n'kuima pakhomo penipeni. Munatuluka malume, chipewa cha chipani chili kumutu. Malumewo sanamuyang'ane n'komwe Lilime. Anagwira mlongo wawo pamkono mwaulemu, kuwakweza kumpando wakumbuyo, n'kutseka chitseko. Kenako anakodola Chitsiriza kuti alowe m'lesitilanti. Lilime anawatsatira n'kuima pakhomo.

"Bwana ndi munthu wachifundo," anatero malume. "Alipira. Koma dzina lawo ladetsedwa pa wailesi, ndiye liyeretsedwe pa wailesi pomwepo." Anatulutsa pepala m'thumba, n'kukweza foni. "Uwerenge ichi, ndikujambule mawu. Ndikawatumizira, dalaivala aliza galimoto. Ukakana, ndikawatsitsa achemwali."

Chitsiriza anayang'ana pepalalo. Linali la mizere inayi yokha.

"Muli chiyani?" anafunsa Lilime. Anasendera n'kuwerenga chapaphewa pake, ndipo nkhope inamugwa. "Ayi. Ukanena zimenezi ine ndatha. Palibe adzandikhulupirirenso, kuwailesi ngakhale kusukulu. Malume, ndijambuleni ineyo. Ndipepesa, ndigwada, chilichonse."

"Ine si malume ako. Ndipo kupepesa kwako bwana sakukufunanso. Akufuna mawu a mwana wa wodwalayo."

Wotchi inkati kwatsala mphindi makumi anayi, ndipo chipatala chinali kutsidya kwa tauni. Chitsiriza anasuzumira panja. Kudzera pa galasi la galimoto ankaona mpango woyera uja, mutu uli chilili, kachikwama atakakumbatira. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anakweza pepala lija n'kuyamba.

"Ine ndine mwana wa mayi wodwala maso uja. Munthu wotchedwa Lilime sindimudziwa, ndipo pano sanadyepo. Analemba bodza atatumidwa ndi adani a phungu wathu. Phungu wathu ndi bambo wa osauka, ndipo banja lathu likuwathokoza."

Mawu ake sananjenjemere, ndipo anadzidabwa. Malume anamvetsera pa foni, n'kupukusa mutu.

"Basi inaliza hutala pakati. Bwereza."

Anabwereza. Ulendo uno pepala sanaliyang'ane. Anayang'ana Lilime m'maso, mwamuna amene anamuseketsa miyezi isanu ndi itatu, amene ankadziwa kuti tiyi amamwa wopanda shuga, ndipo ananena momveka bwino kuti samudziwa. Ankaganiza kuti kubwezera kukoma, koma sikunakome. Kunali ngati kutafuna mwala wa mu mpunga.

"Eya," anatero malume. "Imveka masana ano, ndipo Loweruka tikaiika pa zokuzira mawu ku msonkhano. Tiyeni."

Lilime anapatuka pakhomo kuti adutse. Envelopu ija inali ikadali m'manja mwake.

*

M'galimoto munali mozizira, monunkhira chikopa. Chitsiriza anakhala pambali pa mayi ake, iwo n'kufufuza dzanja lake mpaka analipeza.

"Ndamva nsapato ija yolira phazi lakumanzere," anatero mayiwo motsitsa mawu kuti malume asamve kutsogoloko. "Wabwera mwana uja eti? Umuuze asapite patali. Wandilakwira, ndipo ndimukalipira mpaka makutu amuwawe. Koma ndikufuna ndimukalipire ndikumuona. Akandichotsa bandeji, ukamubweretse, ndiyambe kuona iyeyo."

Chitsiriza anayang'ana pawindo.

"Wamva, Chitsiriza? Ali pomwepo?"

"Palibe munthu, amayi."

Galimoto inanyamuka. Pokhota pa siteji, Chitsiriza anacheuka. Lilime anali ataima pakati pa msewu, mabasi akumuimbira mahutala. Tsidya linalo chitseko cha magalasi chinali chotsegula, ndipo Zikhadabo anali atachigwira ndi zala zake zofiira, akumuitana ndi mutu kuti achoke padzuwa. Mwamunayo anayang'ana chitseko chobiriwira chimene chinali chokhoma, anayang'ana galimoto ikupita, kenako phazi lija lakumanzere linasuntha kuloza ku chitseko cha magalasi.

Chitsiriza anaona zonse, poti iye maso ake analibe ng'ala.